Katumbu Amene Ndinamukhalira Zaka Ziwiri

A Msomali ndakhala nawo pakhonde limodzi zaka makumi awiri ndi zitatu. Iwo amasoka nsapato kumanzere kwa khomo la sitolo, ine ndimasoka zovala kumanja, pakati pathu n'kumadutsa makasitomala a mwini sitolo. Si amuna anga, si abale anga, ndipo ukwati ndi munthu wamakani chonchija sindikanaulola ngakhale atatsala okha padziko. Koma msana ukamawapweteka ndimadziwa asananene. Dzinalo tinawapatsa chifukwa cha timisomali timene amaluma akamakhoma soli. Amalankhula tili pamilomo, amakalipa tili pomwepo, ndipo mpaka lero sanamezepo n'kamodzi komwe.

Amafika m'mamawa pa njinga yawo yakale, n'kusesa mbali yawo yokha. Tsache limaima pakati penipeni pa khomo, zinyalala za mbali yanga n'kuziyang'ana ngati si za dziko lino. Nsapato zimene eni ake sanabwere kudzatenga amazisunga m'katoni zaka ndi zaka, ndipo iliyonse amadziwa mwini wake ndi mayendedwe ake. Akati nsapato yanu yatha, ndiye kuti yatha. Mukaumirira amangoiika m'manja mwanu n'kupitiriza zawo. Chowawa n'chakuti nthawi zambiri amanenadi zoona.

Ntchito ya zikopa anaiphunzira kwa bambo awo, amene ankafufuta zikopa za ng'ombe ndi mbuzi m'mphepete mwa mtsinje umene umadutsa kuseri kwa msika wathu. Chikopa amachidziwa ndi chala. Mukawapatsa lamba amapapasa pang'ono n'kunena kuti, "Mbuzi yokalamba iyi," kapena, "Pulasitiki uyu, akuberani."

Akazi awo anamwalira mwana wawo mmodzi yekhayo ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Sanakwatirenso. Mtsikanayo anakulira pakhonde pomwepa, pakati pa makina anga ndi bokosi la zida za bambo ake, ndipo ntchito ya kusukulu ankalembera pamwamba pa bokosilo, fungo la guluu lili m'mphuno. Mayunifolomu ake onse ndinasoka ndine. Nsapato yake yakuda ya ku sekondale bambo ake anaiika soli kanayi. Kukagwa mvula, makasitomala n'kusowa, a Msomali ankamusimbira za akatumbu amene ankawaona ali aang'ono: tinyama ta m'madzi, tathupi lalitali ndi ubweya wosalowa madzi, timene timapapasa nkhanu pansi pa miyala. Ankayerekezera ndi manja awo akuda ndi polishi mmene katumbu amatafunira nkhanu atakhala pathanthwe, mwanayo n'kumaseka mpaka kugwa pabokosi. Inenso ndinkaseka, osadziwa kuti nthabwala zimenezi zidzasanduka ntchito ya munthu.

Mtsikanayo anakhoza mayeso, anapita ku koleji, n'kubwerako ndi ntchito ku bungwe lina lofufuza za nyama. Anamupatsa zaka zitatu kuti apeze ngati mumtsinje mwathu mukadali katumbu ngakhale mmodzi. Kumtunda kwa mlatho kuli chigawo chimene chikadali ndi bango ndi miyala, kumene malole a mchenga sanafike. A khonsolo anagwirizana ndi bungwelo kuti umboni ukapezeka, chigawocho achisiya chikhale. Ukapanda kupezeka, okumba mchenga alowa monga analowera kumunsi, kumene mtsinje watsala maenje okhaokha.

Tinayamba kumutchula kuti Majombo, chifukwa kaya dzuwa kaya mvula, iye ali m'majombo. Ankamangirira makamera pamitengo, ankakwawa pamiyala kufunafuna ndowe zokhala ndi zigoba za nkhanu, ankafunsa asodzi ndi amayi ochapa. Anamata mapepala a chithunzi cha katumbu m'makoma, limodzi n'kulimata pakhoma la sitolo yathu, pamwamba penipeni pa mutu wa bambo ake. M'munsi mwa chithunzicho munali nambala yake ya foni, ndi chenjezo loti wopezeka ndi chikopa cha nyamayi adzamangidwa. Anthu ankamuseka kuti sukulu yonse ija n'kukathera kununkhiza ndowe. Amene ankatsogolera kusekako anali bambo ake.

"Anatha, mwanangu," ankatero, pakhonde pali anthu. "Womaliza ndinamuona ine ndisanamere ndevu. Uwauze mabwana ako akupatse ntchito ina."

Sikuti ankamuda. Ankaopa kuti mwanayo adzachita manyazi pamaso pa anthu, ndiye anaona kuti ndi bwino atsogole okha kumuchititsa. Anthu ngati iwowo chikondi chawo chimakhala chotero.

Chaka choyamba cha Majombo chitangotha, tsiku lina masana dzuwa likuswa mtengo, kunabwera bambo wina wokumba mchenga, atanyamula thumba lomangidwa pakamwa, ntchentche zikumutsatira. Anati akufuna chipewa. Agalu ake anagwira kanyama m'bango kumtunda kwa mlatho m'mawa womwewo, iye n'kukasenda, ndipo ubweya wake unamusangalatsa. A Msomali anamasula thumba n'kulowetsa dzanja osayang'ana, monga amachitira nthawi zonse. Ndinaona dzanjalo litaima m'thumba muja. Anakhala choncho kanthawi, kenaka anasolola chikopacho n'kuchiyala pamawondo. Chinali chakuda mofiirira, chonyezimira, pakhosi poyera. Tonse atatu tinakweza maso n'kuyang'ana pepala la pakhoma.

Bambo uja anawerenga mpaka m'munsi, milomo ikuyenda. Anati akukataya madzi abweranso. Mpaka lero akadatayabe madzi.

Zotsatirazi munthu amene si wa zikopa sangazimvetse. Chikopa chachiwisi sichidikira. Kunja kukatentha, pofika madzulo chimakhala chitayamba kuwola, ubweya n'kumathothoka. A Msomali anachinunkhiza, ananyamuka, anazungulira kuseri kwa sitolo. Pamene ndinkawatsatira n'kuti atachikhomera kale pathabwa, akupala mafuta ndi mpeni wawo wokhota. Anandituma mchere m'sitolo, ndipo ndinapita kukatenga.

"Muimbireni mwana," ndinatero powapatsa mcherewo. "Nambala si iyo ili pakhomayo?"

"Ndimuimbira. Chiyambe chagwira mchere, chingaonongeke."

Ndikukhulupirira kuti panthawi imeneyo ankanena zoona. Manja anali atatsogola, mutu ukubwera m'mbuyo. Koma atamaliza kupala, n'kuima, n'kuona chikopa cha katumbu chitatambasulidwa bwinobwino pathabwa lawo, chokhomedwa ndi misomali yawo, anaona chimene wina aliyense akanaona: wogula zikopa ali pantchito yake. Wobweretsa uja sitinkamudziwa dzina. Ndani akanakhulupirira kuti anangochisiya n'kuthawa? Anaopa apolisi, anaopanso kuti mwanayo amuchotsa ntchito zikamveka kuti bambo ake enieniwo akufufuta katumbu. Zimenezo ndi zimene anandiuza. Chimene sananene, koma ine ndikuchidziwa, n'chakuti khonde lonse linali litawamva akunena kuti anatha.

"Mawa," anatero. Mawalo linafika mlungu. Ndipo pakatha mlungu funso silikhalanso lakuti mwachipeza kuti, limakhala lakuti bwanji simunanene.

Chikopa chinauma, anachifufuta mpaka kufewa, chifukwa ntchito yosamaliza imawasowetsa mtendere. Kuchiotcha analephera. Kunyumba sakanachisunga, poti mwanayo ankabwera kudzawasesera ndi kuwachapira. Nthawi imeneyo n'kuti siponji ya pakampando kanga itatha, ine ndikudandaula chiuno tsiku ndi tsiku. Ndinafika m'mawa wina n'kupeza kampando katakutidwa ndi chikopa chatsopano, timisomali titandandalika mozungulira. Anachikhoma chozondoka, ubweya mkati, kunsi kwake kunja, moti poyang'ana chinkangooneka chikopa wamba chotuwa.

Ndinadziwa. Sindinganame kuti sindinadziwe. Ndinayang'ana a Msomali, iwo maso ali pansapato. Ndinayang'ana kampando, n'kukhala. Ndipo chimene chimandichititsa manyazi kuposa zonse n'chakuti chiuno chinasiya kupweteka. Chibadwire sindinakhalepo pampando wabwino chotero.

Majombo ankabwera Loweruka lililonse masana. Miyala ya mumtsinje imadya majombo, ndiye ankadzawavula kuti bambo ake amate zigamba. Poyamba ndinkamukankhira benchi ya makasitomala, koma tsiku lina ndili kuseri anakhala pakampando kanga, ndipo kuyambira pamenepo sanafunenso pena.

"Azakhali, kampando kanu aka n'koipa, munthu safuna kudzuka," ankatero, akutambasula miyendo.

Ankakhala pamenepo n'kumatisimbira za mlungu wonse. Makamera ajambula mbuzi, agalu, ng'azi, munthu akusamba. Wapeza ndowe, wazitumiza kukapimitsa, zapezeka kuti ndi za kanyama kena. Ine ndinkaimirira pambali n'kumamasula zipi imene sinalakwe kanthu. A Msomali anasiya zija zoti anatha. Ankangomata chigamba chimodzi ola lathunthu, mutu uli pansi, anthu n'kumati mdalayu wakalamba, wafatsa.

Loweruka lina Majombo anabwera ndi fomu imene amafunsira asodzi. Anati abwana ake amudabwa kuti wafunsa anthu mazana awiri koma wasiya munthu amene anamuphunzitsa za akatumbu. Anakhala pakampando paja, anaika fomu pabondo, n'kusintha mawu mwanthabwala.

"Bambo, katumbu munamuona liti komaliza?"

"Kalekale."

"Chikopa chake, kapena fupa, kapena mapazi, munaonapo m'zaka khumi zapitazi?"

A Msomali anayang'ana ine. Ine ndinayang'ana zipi.

"Ayi," anatero.

"Azakhali, inu?"

"Ine za m'madzi sindizidziwa, mwanawe."

Anatisainitsa tonse awiri, akuseka kalembedwe ka bambo ake. Kangapo konse ndinalumbira kuti Loweruka likubwerali ndinena ndekha. Likafika ndinkamuona akuseka, n'kuganiza kuti ndikangotsegula pakamwa sadzandiitananso azakhali. Ine mwana ndilibe, ndipo dzina limeneli ndinkalifuna kuposa mmene ndinkafunira kuti iye apeze katumbu wake. Zinatha zaka ziwiri.

Loweruka lomaliza anabwera mochedwerapo, jombo imodzi itang'ambika kuchidendene. Anakhala pamalo pake, anavula, anapereka kwa bambo ake. Patapita nthawi anati msonkhano wa ku khonsolo uli Lachisanu, ndipo lipoti watsala pang'ono kumaliza: palibe chimene wapeza.

"Abwana akuti tisataye mtima, mwina tsiku lina tidzakatenga akatumbu kwina n'kudzawaika muno," anatero. "Ndawafunsa kuti mudzawaika m'chiyani, m'maenje a mchenga? Malole akangolowa, bango latha, nkhanu zatha." Anapukuta nkhope ndi mkono wa malaya. "Ababa, munkanena zoona. Anatha. Ndangokuvutitsani ndi zigamba zaka zonsezi. Ndikanakumverani."

Ndaona anthu ambiri akuwauza a Msomali kuti munkanena zoona, ndipo nthawi zonse amangogwedeza mutu ngati munthu amene wabwezeredwa chake. Tsiku limenelo anaika jombo pansi.

"Tadzuka, mwanangu."

"Bwanji?"

"Tadzuka pamenepo."

Anadzuka, phazi limodzi lili ndi sokosi yokha. A Msomali anakoka kampando, anakapana ndi mawondo, n'kuyamba kuzula timisomali kamodzikamodzi. Tinalipo tambiri, ndipo anakhoma ndi iwo, ndiye sitinkazuka msanga. Ine ndinagwira thebulo la makina. Atazula komaliza anatembenuza chikopa. Ubweya unali utagona chifukwa chokhaliridwa, koma atausisita ndi chikhatho unadzuka, wonyezimira monga tsiku lija, pakhosi poyera.

Majombo sanakuwe, sanalire. Anagwada, anachigwira, anayang'ana mchira, anayang'ana pakhosi. Ndinkadikira kuti atikalipire, ndipo ndinkafunitsitsa atatero. Iye anatsegula chikwama n'kutulutsa fomu yatsopano.

"Munachipeza liti?"

Ndinatsegula buku langa lolembamo miyezo, chifukwa tsiku lija ndinayeza diresi la mkwatibwi wina wovuta, n'kumuonetsa tsikulo. Anayang'ana bukulo, kenaka anayang'ana ine.

"Inunso mumadziwa, azakhali?"

"Mchere ndinakatenga ndine."

Analemba. Anafunsa malo, anafunsa maonekedwe a wobweretsa uja, anafunsa za agalu. Bambo ake ankayankha maso ali pansi, mawu awiri atatu.

"Anali wamwamuna kapena wamkazi?"

"Wamkazi."

"Mukudziwa bwanji?"

"Ndinapala ndine. Mawere anali otupa. Mpeni unkatuluka ndi mkaka."

Zimenezi ngakhale ine sindinkazidziwa. Zaka ziwiri anazisunga okha. Cholembera cha Majombo chinaima. Poti n'kuti akulemba lipoti, mabuku ake onse a kumtsinje anali m'chikwama. Anatulutsa limodzi lofufuma ndi madzi, n'kufufuza tsikulo.

"Ndinali pamlatho," anatero motsitsa mawu. "Ndinkasintha mabatire a kamera. Kuchokera pamenepo kukafika m'bango muja ndi mphindi makumi awiri. Ana anali kudzenje akudikira mayi wawo. Mukanandiimbira masana amenewo, ndikanawapeza amoyo."

Anakulunga chikopa m'nsalu imene ndinamupatsa, n'kunena kuti chikopa pachokha sichinena tsiku kapena malo, chimafuna mboni. Tibwere tonse awiri Lachisanu naini koloko, tikanene pamaso pa anthu, za mkaka zomwe. Anavala jombo yong'ambika ija n'kumapita.

Masiku asanu otsatirawo ndinakhalira thabwa lokhalokha. Kasitomala wina anafunsa kuti chikopa chabwino chija chapita kuti, ndinamuyankha kuti chinali chobwereka. Lachitatu ndinayambana ndi a Msomali. Ndinawauza kuti anandikhomera tchimo lawo pampando ine ndisanapemphe. Anandiyankha, osakweza mawu, kuti pokhala sanandikankhe ndi iwo. Apanso ankanena zoona.

Lachisanu anavala jekete imene ndinawasokera kalekale, imene mabatani ake tsopano sakumana. Holo inadzaza: a khonsolo, a bungwe, eni malole, ndi anthu a kumsika amene anamva kuti kuli zoonera. A Msomali anaimirira n'kunena zonse, kuyambira pa thumba. Atafika pa kampando anthu anaseka, ena n'kumatembenuka kufuna kuona mayi wokhalira katumbuyo. Ndinaimirira ndekha kuti asavutike kundifunafuna. Atafika pa mkaka kuseka kunatha. Mmodzi wa eni malole anafunsa kuti akhulupirire bwanji munthu amene anasaina fomu kuti sanaone kanthu.

"Fomu ija ndinanama," anatero a Msomali. "Lero ndabwera kudzadzichotsa ulemu pamaso pa mwana wanga. Mukuganiza kuti ndingachite zimenezi chifukwa cha bodza?"

Wapolisi analemba mayina athu, chikopa chinatengedwa kukapimidwa. A khonsolo anakambirana n'kugamula kuti malole adikire chaka china chimodzi, makamera abwerere m'bango.

Titatuluka tinamupeza Majombo pamasitepe akulongedza mapepala ake. Ine ndinatsalira pakhomo. Bambo ake anayandikira, n'kuima patali pang'ono.

"Ndiye alipo, mwanangu?"

"Sindikudziwa, ababa."

"Koma iweyo ukuona bwanji?"

Anawayang'ana kumaso koyamba chichokereni Loweruka lija.

"Panali ana, ndiye kuti wamwamuna analipo," anatero. "Ngati agalu sanamupeze, akadali m'bango muja. Watha zaka ziwiri akufunafuna mnzake, inu mukudziwa kumene ali."

Anakwera galimoto ya bungwe. Ife tinabwerera kukhonde wapansi, a Msomali patsogolo akukankha njinga, ine m'mbuyo.